Ndikayenda thupi limaphwanya, ndikakhala shuga amakwera

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wa zaka 52 amene amakhala kufupi ndi Linga ku Nkhotakota. Alemba motere: “Ndili ndi matenda a shuga ndipo ndimamwa metformin ndi glibenclamide. Chaka chatha dokotala wa ku Lilongwe anandiuza kuti kuphwanya kwa thupi kumene kwandisautsa nthawi yaitali ndi fibromyalgia. Ku kiliniki ya shuga amati ndizichita mafizo, koma tsiku limene ndadzilimbitsa n'kuyenda mtunda kapena kupita kudimba, ndimagona masiku atatu osadzuka. Ndikangokhala, shuga amakwera. Achibale ena ayamba kunena kuti ndi ulesi. Kodi ndingosiya? Nanga kulowa m'nyanja kungandithandize?”

Mayi, pepani ndi masiku amene mwakhala mukugonawo. Musasiye, koma musapitirizenso mmene mukuchitiramu. Ntchito yanga ndi ya fiziyo, yothandiza odwala kudzera m'mafizo, ndipo zimene mwafotokozazi ndimazimva kawirikawiri kwa anthu a ululu wokhalitsa: anawalangiza zoona, koma palibe anawauza mlingo wake. Kungoti “muzichita mafizo” kumamukwanira munthu amene ali ndi shuga yekha. Inu mwasenza matenda awiri a khalidwe losiyana, ndipo muyenera kudziwa kuti chizindikiro ichi n'cha matenda ati musanasankhe kupitiriza kapena kuima.

Tiyambe ndi fibromyalgia, poti ndi amene akukunenetsani kwa achibale. Matendawa ndi enieni. Madokotala a nyamakazi a ku America, a bungwe la American College of Rheumatology, anakhazikitsa njira yowazindikirira mu 1990. Nthawi imeneyo dokotala ankadina malo 18 a pathupi, ndipo 11 mwa malowo akapweteka ankatsimikiza kuti ndi omwewo. Kuyambira 2010 njirayo inasintha. Tsopano amafunsa za ululu wofalikira thupi lonse kwa miyezi itatu kapena kuposa, kutopa kosatha, tulo timene munthu amadzuka nato ngati sanagone, ndi mutu woiwalaiwala. Amapezeka kwambiri mwa amayi kuposa abambo. Sawoneka pa X-ray, sawonekanso m'magazi, ndipo apa ndi pamene anthu a pakhomo amayambira kukayika.

Muzu wake suli m'mafupa kapena m'minofu. Uli m'mene mitsempha ya mumsana ndi ubongo zimalandirira uthenga wochokera m'thupi. Uthenga waung'ono, monga wa kutopa wamba kwa mwendo, umafika ku ubongo utakulitsidwa, n'kumveka ngati kuvulala. Taganizirani galu wa pakhomo amene kale ankauwa mbala yokha, koma tsopano amauwa ngakhale bango likagwedezeka ndi mphepo. Kuuwako n'kwenikweni ndipo kumakusowetsani tulo, koma pakhomo sipanalowe munthu. Choncho mukayenda pang'ono miyendo n'kupweteka, sikuti mwathyola kanthu. Fibromyalgia sadya mafupa, sapinda zala, salumalitsa munthu ngati mitundu ina ya nyamakazi.

Shuga ndiye amachita zosemphana ndi zimenezi. Amawononga mwakachetechete mitsempha ya kumapazi, maso, impso ndi mtima. Phazi la munthu wa shuga likhoza kubayidwa ndi munga mwini wake osamva. Ndiye taonani pamene mwaima: matenda ena akukuwa pomwe palibe chawonongeka, enawo ali duu pomwe chowonongeka chingakhalepo. Ululu wa fibromyalgia mudzaphunzira kuyenda nawo. Zizindikiro za shuga zikabwera, musalimbane nazo, imani.

Chifukwa chimene sindingakuloleni kusiya n'chakuti mankhwala aakulu a matenda onse awiriwa ndi amodzi. Mu 2017 bungwe la madokotala a nyamakazi a ku Ulaya, la EULAR, linafalitsa malangizo ake litaunika njira zosiyanasiyana zothandizira fibromyalgia, mapiritsi omwe. Pa zonsezo, njira imodzi yokha ndiyo analimbikitsa ndi mphamvu zonse: kulimbitsa thupi. Nawo shuga amatsika ndi zomwezo. Mnofu ukamagwira ntchito umakoka shuga m'magazi ngakhale insulin (timadzi ta m'thupi totsitsa shuga m'magazi) ikhale yochepa, ndipo ukamaliza umapitiriza kumvera insulin bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kenako phindulo limazilala. N'chifukwa chake madokotala a shuga amati munthu asadumphitse masiku oposa awiri otsatizana. Tsiku limodzi la kudimba lotsatana ndi masiku atatu a pamkeka likukutayitsani zonse ziwiri.

Chimene chimachitika ndikuchidziwa. Tsiku limene mwadzuka bwino mumafuna kubweza ntchito yonse imene inatsalira: zovala zaunjikana, pabwalo sipanasesedwe, kudimba kwamera udzu, ndipo mumafunanso kuwaonetsa anthu aja kuti si ndinu waulesi. Mumagwira mpaka dzuwa kupendeka. Mawa lake thupi lakana. Mukagona masiku atatu minofu imafooka pang'ono, ndipo ulendo wina ntchito yocheperapo ndi imene imakugwetsani. Miyezi ikamapita, masiku abwino amachepa, mantha amakula. Vuto si kuyenda ayi, vuto ndi kulola kuti mmene mwadzukira tsikulo ndi mmene muyezere ntchito.

Tsono chitani chonchi. Dzifunseni kuti pa tsiku loipa, osati labwino, mungayende mphindi zingati popanda kudzagona mawa lake. Ngati yankho ndi 6, yambani ndi 4 kapena 5. Ngati ndi 3, yambani ndi 2, kuchoka pakhonde kukafika pa mtengo wa mango n'kubwerera. Musachite nazo manyazi. Mlingo umenewo muziuchita tsiku lililonse, lowawa ndi losawawa lomwe. Povuta penipeni, pamene ndimalimbana ndi odwala anga kwambiri, ndi pa tsiku labwino: musawonjezere. Imani miyendo ikadali ndi mphamvu, mtima ukufuna kupitiriza. Chokuimitsani chikhale wotchi ya pafoni. Sabata ikatha muli bwino, onjezerani mphindi imodzi. Ina ikatha, imodzinso.

Kupweteka kudzakwera pang'ono m'masabata oyamba, ndipo musadabwe nako. Muyezo wake ndi uwu: ululu ukakwera n'kubwerera pamene unali pasanathe maola 24, mlingo uli bwino. Ukapitirira mpaka mkuja, mwadumpha muyezo, ndiye bwererani pa mlingo wa sabata yatha. Matendawa ali ndi masiku amene amangobuka okha, makamaka mukasowa tulo, mukakhala ndi nkhawa, kapena mwera ukazizira m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Masiku otero chepetsani ndi theka, koma musafike pa kungogona tsiku lonse. Ngakhale kuzungulira nyumba kawiri kumasunga chizolowezi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, komanso zolimbitsa minofu masiku awiri. Kumeneko ndi kofikira, si poyambira, ndipo kufikako kungakutengereni miyezi. Simukuyeneranso kuzichita nthawi imodzi. Mphindi 10 katatu patsiku kwa masiku 5 zakwana 150. Kwa inu kugawa chonchi n'kwabwino kuposa ulendo umodzi wautali, chifukwa thupi la fibromyalgia limapirira tizigawo tating'ono, ndipo shuga amakwera kwambiri mukangotha kudya. Kondowole, mpunga ndi nsima ya ufa woyera zimakweza shuga msanga. Kuyenda patapita kanthawi kochepa mutadya kumadula kukwerako. Liwiro lake likhale loti mukutha kucheza ndi mnzanu popanda kubanika.

Ndikudziwa kuti masana a mu Okutobala ndi Novembala kunyanja kuno si oyendera pamsewu. Kutentha kumaumitsa madzi m'thupi, ndipo munthu wa shuga amauma msanga. Mukadya nkhomaliro, yendani mumthunzi kapena pakhonde pomwepo, kupita ndi kubwerera, kapena pondani pamalo amodzi mutagwira khoma. Ulendo wotalikirapo usungireni m'mawa mutadya kadzutsa, kapena dzuwa likapepa. Madzi akumwa muzitenga. Mukadya mgonero kwada kale, choncho zungulirani pabwalo lanu losesa, nsapato kuphazi, tochi m'manja.

Ntchito za pakhomo nazo ndi zolimbitsa thupi, ndipo muziziwerengera. Kusesa, kuchapa, kupeta mpunga, kupalira, zonsezi zimatsitsa shuga. Chimene zimalakwa n'chakuti zilibe malire: munthu sasiya zovala zili theka m'beseni. Inu muphunzire kusiya. Chapani lero zochepa, zina mawa. Kudimba gwirani mphindi 10, khalani pamthunzi, mugwirenso 10, muweruke. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo kuitula pamutu kumapweteka minofu kuposa kuisenza, chifukwa mnofu umene ukutsitsa katundu pang'onopang'ono ndi umene umadzawawa kwambiri mawa lake. Kutsika chitunda kulinso chimodzimodzi. Tungani theka kawiri, kapena ana atunge. Kusinja ndi kupopa mjigo nthawi yaitali kumavutitsa mapewa ndi khosi, malo amene fibromyalgia amakonda.

Zolimbitsa minofu sizifuna chipangizo. Khalani pampando wolimba, imirirani, khalaninso, kasanu. Imani moyang'ana khoma, ikani zikhatho pakhomapo, pindani zigongono ngati mukulikankha, kasanu. Gwirani khoma, nyamukani pa zala za kumapazi, tsikani. Tengani mabotolo awiri a theka la lita muli madzi, kwezani mpaka m'mapewa. Kawiri pa sabata, osati masiku otsatizana, ndipo musagwire mpweya pochita. Kuvina nakonso n'kwabwino. Ngati amayi a kwanu amavina chioda, kapena muli m'kwaya imene imaponda sitepe, lowani nyimbo imodzi, yachiwiri muombe m'manja mutakhala. Munthu amapirira bwino ululu ali pakati pa anzake kuposa ali yekha m'nyumba.

Tsopano ndifike pa chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu, ndicho glibenclamide. Metformin payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri. Glibenclamide amatero, chifukwa amakakamiza thupi kutulutsa insulin kaya mwadya kaya simunadye, ndipo amakhalitsa m'thupi maola ambiri. Mukamumwa, n'kupita kudimba m'mimba muli zii, shuga akhoza kugwa. Akhozanso kugwa patapita maola mutaweruka, ngakhale usiku muli mtulo. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kugunda kwambiri, chizungulire, maso kuchita mdima, kupsa mtima popanda chifukwa, ndi mutu kusokonekera. Onani kuti kufooka ndi kusokonekera mutu ndi zimenenso fibromyalgia amachita tsiku ndi tsiku. Apa m'pamene pali ngozi: mukhoza kunena kuti “ndi matenda anga aja” pamene shuga akutsika. Kusiyana kwake n'kwakuti kutsika kwa shuga kumabwera mwadzidzidzi, kawirikawiri ndi thukuta ndi kunjenjemera, ndipo kumachoka mukadya chotsekemera. Mwina ena mwa masiku amene munagwa mutachoka kudimba anali a shuga wotsika. Mukakayika, chitani ngati watsika.

Ngati muli ndi kamakina koyezera, shuga wotsika ndi wochepera 3.9 pa makina owerenga mu mmol/L, kapena 70 pa owerenga mu mg/dL. Nambala za makina achiwiriwa mukazigawa ndi 18 mumapeza za oyambawo. Musanayambe ntchito yolemetsa, akakhala pansi pa 5.0, amene ndi 90, yambani mwadya kanthu. Akapitirira 16.7, amene ndi 300, ndipo muli ndi ludzu lalikulu, mukukodza pafupipafupi, mukufooka kapena kusanza, tsiku limenelo si la mafizo, ndi la kuchipatala. Timapepala toyezera n'todula, ndikudziwa. Ngati muli nato tochepa, tigwiritseni ntchito m'masabata oyamba, musanayende ndi mutayenda, kuti mudziwe mmene thupi lanu limachitira. Ngati kamakina mulibe, lamulo ndi limodzi: musagwire ntchito kapena kuyenda mtunda musanadye.

Paulendo uliwonse mangani shuga pang'ono m'kapepala pa nsonga ya chitenje, kapena masiwiti angapo. Zizindikiro zikayamba, khalani pansi, imwani masupuni aang'ono atatu odzaza a shuga m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola wamba, osati wopanda shuga uja. Dikirani mphindi 15. Ngati simunachire, bwerezani. Mukachira idyani chokhalitsa m'mimba monga nthochi, mbatata kapena nsima. Apabanja adziwe kuti mukakomoka asakuthireni chakumwa m'kamwa. Akugonekeni cham'mbali, apake shuga m'kati mwa tsaya, athamangire nanu kuchipatala. Shuga wotsika chifukwa cha glibenclamide amatha kugwanso atakwera kale, choncho zikachitika mwamphamvu kapena kawiri, kaonaneni ndi achipatala tsiku lomwelo. Nthawi zambiri zimenezi zimatanthauza kuti mlingo wa mankhwala uyenera kuchepa, ndipo wochepetsa ndi iwo, osati inu. Kwa owerenga amene amabaya insulin, chenjezo ndi lomweli, komanso musabaye pantchafu mukamapita koyenda, bayani pamimba.

Mapazi. Ululu wa fibromyalgia umayendayenda, lero m'mapewa, mawa m'chiuno, mkuja m'ntchafu. Wa mitsempha yowonongeka ndi shuga umayambira ku zala za kumapazi onse awiri n'kumakwera, umatentha kapena kulasalasa makamaka usiku, ndipo pamapeto pake phazi limachita dzanzi. Phazi ladzanzi silikuchenjezani. Mchenga wa kunyanja masana a chilimwe umawotcha mpaka matuza munthu osamva. Mumchengamo mulinso minga ya nsomba, mbedza, zigoba, magalasi ndi matekenya. Choncho kuyenda opanda nsapato kuthe, ngakhale pabwalo panu. Patapata sakwanira, chifukwa amasiya zala ndi chidendene pamtunda ndipo kalamba kake kamapekesa pakati pa zala. Funani nsapato zotseka, zofewa, zotakasuka kutsogolo. Za kaunjika zili bwino, koma muziyese madzulo pamene mapazi atupako, ndipo muvale ndi sokosi. Musanavale, pisanimo dzanja ndi kukutumula.

Madzulo aliwonse yang'anani mapazi anu, pansi ndi pakati pa zala. Ngati kuwerama kukuvuta, gwiritsani ntchito galasi loonera nkhope kapena mdzukulu akuonereni. Zikang'a musazidule ndi lezala, muzipaka Vaseline, koma pakati pa zala pazikhala pouma. Tuza, chilonda, kapena malo akuda zikaoneka, lekani kuyendera phazilo ndipo pitani kuchipatala osadikira tsiku la kiliniki. Chimodzimodzi phazi limodzi likatupa, kufiira ndi kutentha popanda chilonda. Pamene mukudikira kupola, mafizo a pampando, a manja ndi mabotolo aja, apitirire.

Za nyanja mwafunsa bwino. Kuyenda m'madzi ofika m'chiuno ndi imodzi mwa njira zimene zimathandiza kwambiri fibromyalgia, chifukwa madzi amakunyamulirani thupi ndipo kufunda kwake kumamasula minofu. Koma nyanja yathu ili ndi zake. Muli likodzo, ndipo nkhono zimene zimalifalitsa zimakonda madzi odekha, osaya, a m'mabango ndi m'zomera, monga a m'madambo ndi ku nyanja yaing'ono ya Chia. Pagombe la mchenga lotseguka chiopsezo chimachepa koma sichitha. Ng'ona ndi mvuu zimapezeka makamaka kumene mitsinje monga Bua imathira m'nyanja, ndipo m'bandakucha ndi chisisira ndi nthawi zake. Mwera ukamawomba madzi amazizira, mafunde amakula, ndipo kuzizirako kumautsa ululu. Choposa zonse, shuga akatsika muli m'madzi mukhoza kumira pamalo osaya. Maganizo anga ndi awa: nyanja ikhale yowonjezera, maziko akhale kuyenda pamtunda. Mukalowa, lowani mutadya, muli ndi munthu pambali, pamalo amene anthu a m'deralo amasamba masana, mutavala nsapato za pulasitiki, kwa mphindi zomwe zija mumayenda pamtunda. M'madzi kutopa sikumveka msanga, ndiye anthu ambiri amapitirira muyezo. Muli ndi chilonda kuphazi, musalowe n'komwe. Muwauzenso achipatala kuti mumalowa m'nyanja, kuti akuyezeni mkodzo ndi kukupatsani praziquantel, mankhwala a likodzo, pakafunika.

Kusamba madzi ofunda m'mawa musanayambe kuyenda kumachepetsa kuuma kwa thupi. Koma kaya ndi madzi a pambaula kaya a ku akasupe otentha amene Nkhotakota ili nawo, ayeseni ndi chigongono, osati ndi phazi. Ndaona mabala a moto pa mapazi a anthu a shuga amene ankangofuna kuthowa ululu. Kuwotha mbaula mapazi ali pafupi n'koopsa chimodzimodzi.

Pali zowawa zina zimene simuyenera kuyenda nazo ngakhale pang'ono. Kupweteka kapena kulemera pachifuwa, kopita kudzanja, kunsagwada kapena kumsana, kubanika kosagwirizana ndi ntchito imene mukugwira, kukomoka, mbali imodzi ya thupi kufooka, pakamwa kupotoka, maso kusiya kuona mwadzidzidzi: zimenezi ndi za kuchipatala nthawi yomweyo. Mwa amayi ndi mwa anthu a shuga, vuto la mtima limatha kubwera ngati kutopa kwachilendo, nseru ndi thukuta basi. Katumba akamakokana nthawi zonse mukayenda mtunda womwewo n'kumasuka mukaima, akhoza kukhala magazi osafika bwino kumiyendo, ndipo muwauze adokotala. Musaiwalenso kuti mumakhala kunyanja. Thupi likaphwanya mosiyana ndi masiku onse, muli ndi kutentha kapena kuzizidwa, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Munthu wozolowera ululu amachedwa kupita kuchipatala, ndipo malungo amasokoneza shuga kwambiri.

Pa mankhwala a ululu ndilankhule mosabisa. Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene anthu amagula pa golosale n'kumamwa tsiku ndi tsiku, sathandiza kwenikweni fibromyalgia poti matendawa si a kutupa, koma amapweteka impso ndi m'mimba, ndipo impso za munthu wa shuga zili kale pa chiopsezo. Prednisolone ndi dexamethasone amakweza shuga kwambiri ndipo pa matendawa alibe phindu. Wina akakuuzani za jakisoni kapena mapiritsi “a nyamakazi” osatchula dzina lake, funsani dzinalo musanalandire. Amene amathandiza ena ndi amitriptyline wa mlingo waung'ono, womwa madzulo. Amakonza tulo, amachepetsa ululu, ndipo amagwiranso ntchito pa kutentha kwa mapazi kwa shuga. Amaumitsa kukhosi, amabweretsa chizungulire munthu akadzuka msanga, ndipo ena amanenepa naye, choncho akhale olembedwa ndi dokotala wodziwa za mtima wanu. Duloxetine ndi pregabalin ndi ena amene madokotala amalemba. Onsewa ntchito yawo ndi kutsitsa ululu kuti muthe kuyenda, salowa m'malo mwa kuyendako.

Tulo ndi pamene matenda awiriwa amagwirana manja. Shuga akakwera mumadzuka kangapo usiku kukakodza. Tulo todukaduka timakulitsa ululu wa mawa lake. Ululu umakukhazikani pansi ndi kukupatsani nkhawa, ndipo zonse ziwiri zimakweza shuga. Kuyenda kwa mphindi zochepa mutadya mgonero kumadula mzere umenewu pamalo awiri. Tiyi wa masamba mumwe m'mawa, madzulo ayi. Gonani ndi kudzuka nthawi yofanana, ndipo tulo ta masana tisapitirire theka la ola. Mtima ukakhala wolemera masabata ambiri, osafuna kuona anthu, osakondwa ndi kanthu, nenani ku kiliniki. Kuvutika maganizo kumayenda limodzi ndi matenda onse awiriwa ndipo kuli ndi chithandizo.

Ngati ndinu Msilamu, monga ambiri a ku Linga, kaonaneni ndi achipatala mwezi wa Ramadan usanafike, chifukwa kusala muli pa glibenclamide kumafuna kusintha mlingo ndi nthawi ya mankhwala. M'mwezi umenewo kuyenda kukhale mutamasula kusala madzulo, osati masana. Mapemphero aatali a usiku nawo muwawerengere ngati ntchito ya thupi.

Achibale aja musalimbane nawo ndi mawu, ndipo musawayankhe ndi khasu, poti n'zimene zakhala zikukugonekani. Tengani mmodzi amene amamveka pabanja, bambo a kunyumba kapena achemwali anu, mupite naye ku kiliniki akamve yekha kwa achipatala. Mumupatse ntchito: aziyenda nanu, azisunga nthawi, ndipo ndiye azikuuzani kuti “basi, tibwerere” mphindi zikakwana. Woyenda naye sangasowe. Kafukufuku wa STEPS amene unachitika m'dziko muno mu 2009 unapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndiye pamzere wa ku kiliniki pomwepo pali amayi ena a kufupi ndi kwanu amene anauzidwanso kuti aziyenda.

Ku kiliniki ikubwerayi, kaya mumapita ku chipatala cha boma cha Nkhotakota kaya ku St Anne's, tengani kope laling'ono limene mwalembamo mphindi zimene mwayenda tsiku lililonse, mmene ululu unalili mawa lake, ndi tsiku lililonse limene munanjenjemera kapena kutuluka thukuta lozizira. Onetsetsani kuti fibromyalgia yalembedwa m'buku lanu la kuchipatala, kuti aliyense wokulemberani mankhwala aione. Vulani nsapato musanauzidwe, kuti akuyezeni mapazi ngati akumva. Pemphani kuyezedwa BP, impso ndi kuchuluka kwa magazi. Funsaninso za chithokomiro, za HIV ngati papita nthawi, ndi za vitamini B12, amene amatha kuchepa mwa anthu omwa metformin zaka zambiri n'kubweretsa dzanzi ndi kutopa. Zonsezi zimatha kubisala kumbuyo kwa fibromyalgia, ndipo zili ndi chithandizo chake. Maso ayezedwe kamodzi pachaka. Akapeza kuti shuga wafika ku mitsempha ya m'maso, kusenza zolemera, kukankha mogwira mpweya ndi kuwerama nthawi yaitali mutu uli pansi muyambe mwaleka mpaka dokotala wa maso atakulolani, koma kuyenda kupitirire. Pomaliza funsani ngati pali wa fiziyo amene angakuoneni, ndipo mumuonetse kopelo kuti mukonze naye mlingo wa mwezi wotsatira.